Mafunso ndi mayankho: ufiti ndi Mdyerekezi m'maganizo a Angerezi a zaka za m'ma 1500 ndi 1600

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti dziko la England, lomwe linadzatumiza kuno mabwana achitsamunda oletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, nalonso linanyongapo anthu ake pa milandu ya ufiti. Tsamba lino likuyankha mafunso okhudza nthawi imeneyo, kuchokera mu ulamuliro wa mfumu Henry VIII kufikira mu 1736, pamene nyumba ya malamulo inathetsa milanduyi.

Kodi ankakhulupirira za ufiti ndi anthu osaphunzira okha?

Ayi, chikhulupirirochi chinali ponseponse, kuyambira kwa mlimi wa kumudzi mpaka kunyumba ya mfumu. James, yemwe anali mfumu ya Scotland ndipo anadzalowanso ufumu wa England mu 1603, analemba yekha buku la nkhaniyi lotchedwa Daemonologie mu 1597. Mu 1662 woweruza wina wolemekezeka kwambiri, Matthew Hale, anagamula kuti amayi awiri a ku Lowestoft anyongedwe, atauza khoti kuti iye sankakayika konse kuti mfiti zilipo, chifukwa Malemba amanena choncho ndiponso mayiko onse ali ndi malamulo othana nazo. Mavesi amene ankatchulidwa kawirikawiri ndi Eksodo 22:18, yomwe imalamula kuti mfiti isasiyidwe ndi moyo, komanso 1 Samueli 28, pomwe Sauli akukaombeza kwa mayi wa ku Endori.

Komabe anthuwa sankaopa chinthu chimodzi. Wa kumudzi ankaopa mnansi wake amene angamuphere ng'ombe kapena mwana, pamene m'busa wophunzira ankaopa Mdyerekezi amene akulanda miyoyo ya anthu kwa Mulungu. Nkhani yonse ya ufiti ku England imamveka bwino munthu akaona mmene mantha awiriwa ankakumanirana m'khoti.

Kodi mfiti inkaganiziridwa kuti imachita chiyani?

Mlandu waukulu unali wolodza. Mwana wadwala matenda osadziwika ndipo akuwonda tsiku ndi tsiku, ng'ombe yasiya kutulutsa mkaka, nkhumba zafa motsatizana, mowa wakana kupsa, kapena mkaka wakana kugwira batala ngakhale mayi aupukuse tsiku lonse: izi ndizo zimadzaza mabuku a makhoti a nthawiyo. Nkhani zouluka usiku, za misonkhano ikuluikulu ya mfiti ndiponso zodya ana, zomwe zinali zofala m'milandu ya ku Germany ndi ku France, zimapezeka mwa apo ndi apo chabe m'milandu ya ku England.

Akatswiri awiri a mbiri yakale, Alan Macfarlane ndi Keith Thomas, ataunika zolembedwa zambiri, makamaka za m'chigawo cha Essex, anaona kuti milandu yochuluka inkayamba mofanana. Mayi wosauka wabwera pakhomo kudzapempha mkaka, yisiti kapena kandalama, eni nyumba amukaniza, iye wachoka akung'ung'udza, ndipo patapita masiku ochepa tsoka lagwa panyumbapo. Okanizawo, amene mumtima ankadziwa kuti aphwanya mwambo wothandizana, ankapeza mpumulo poganiza kuti woipa ndi wopemphayo.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Alizon Device wa ku Pendle. Mu Malichi 1612 mtsikanayu anakumana pamsewu pafupi ndi Colne ndi wamalonda woyendayenda, John Law, nampempha mapini. Bamboyo sanafune kumasula katundu wake, ndipo atangoyenda pang'ono anagwa pansi, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka. Dokotala wa lero anganene kuti awa anali matenda opha ziwalo, koma Alizon mwiniwake anakhulupirira kuti ndiye wachititsa, moti anagwada napempha chikhululukiro. Kufunsidwa kwake kunakokera mabanja awiri odana m'mlanduwo, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anthu 10 ananyongedwa ku Lancaster.

Nanga Mdyerekezi ankalowa pati?

Kwa abusa ophunzira, iye ndiye anali mwini nkhani. Iwo ankaphunzitsa kuti munthu payekha alibe mphamvu yolodza, koma kuti mfiti ndi munthu amene wachita pangano ndi Satana, nakana ubatizo wake, ndipo Satanayo ndiye amachita zoipazo pamlingo umene Mulungu walola. William Perkins, mlaliki wotchuka wa ku Cambridge, anatsindika m'buku lake lomwe linatuluka mu 1608 iye atamwalira kale kuti mfiti iyenera kufa chifukwa cha panganolo, kaya yapha munthu kaya sinaphe.

Kusintha kwa mpingo kunakulitsa mantha amenewa. Dziko litachoka mu Chikatolika, madzi odalitsidwa, zithumwa za oyera mtima ndi mapemphero otulutsa ziwanda zinaletsedwa monga zinthu zachabe, koma Mdyerekezi anatsala, ndipo maulaliki ankamutchula kuposa kale. Mkhristu anauzidwa kuti zida zake ndi pemphero, kusala kudya ndi kuleza mtima ngati Yobu. Kwa anthu odzipereka pa chipembedzo, Mdyerekezi anali makamaka woyesa wa mumtima, wobweretsa maganizo onyoza Mulungu, otaya mtima kapena odzipha. Anthu wamba ankamuona ngati chinthu chogwirika, chimene chingabwere ngati galu, ngati bambo wovala zakuda, kapena m'kati mwa mkuntho. Pa 4 Ogasiti 1577 mphezi itagwa pa tchalitchi cha ku Bungay mapemphero ali m'kati n'kupha anthu awiri, kabuku kamene kanatuluka pambuyo pake kanafotokoza kuti m'tchalitchimo munalowa galu wakuda woopsa amene anawapotola makosi.

Kodi tizilombo timene mfiti zinkati zimaweta tinali chiyani?

Apa ndi pamene ufiti wa ku England unkasiyana kwambiri ndi wa mayiko oyandikana nawo. Anthu ankakhulupirira kuti mfiti imasunga mzimu woipa wooneka ngati mphaka, galu, chule, khoswe kapena kalulu, ndipo kanyamako kamakhala ndi dzina, kamagona mumphika kapena mudengu loyalidwa ubweya wa nkhosa, ndipo kamatumidwa kukapha ziweto kapena anthu. Malipiro ake anali mkaka, buledi ndi dontho la magazi a mwini wake.

Mlandu wa ku Chelmsford wa mu 1566 umasonyeza zimenezi bwino. Elizabeth Francis wa m'mudzi wa Hatfield Peverel anavomera kuti agogo ake anamupatsa mphaka wamawangamawanga dzina lake Sathan, ndipo atakhala naye zaka zambiri anamupereka kwa Agnes Waterhouse posinthana ndi keke. Agnes anafotokoza kuti ankatuma mphakayo kukapha nkhumba, atsekwe ndi ng'ombe za anthu amene wakangana nawo, ndipo umphawi utamukakamiza kugwiritsa ntchito ubweya umene mphakayo ankagonapo, anamusandutsa chule. Ananenanso kuti mzimuwo unkamulola kupemphera m'Chilatini chokha, osati m'Chingerezi, mawu amene anakomera kwambiri akuluakulu a mpingo watsopano, omwe ankaona Chikatolika ndi ufiti ngati zinthu zapachibale. Agnes ananyongedwa mu Julaye chaka chomwecho.

Kanyama kameneka ndi komwe kanalumikiza mantha a kumudzi ndi chiphunzitso cha abusa. Wa kumudzi ankaona chida chimene mnansi wake wamulodzera, pamene m'busa ankaona Mdyerekezi weniweni atavala thupi la mphaka. Kuchokera apa panabadwa chikhulupiriro chakuti pathupi pa mfiti pamakhala kansonga kamene mzimuwo umayamwapo, ndipo amayi odalirika, kawirikawiri azamba, ankatumidwa kukavula woganiziridwayo n'kumufufuza thupi lonse. Njerewere, chotupa kapena chipsera chilichonse, zomwe thupi la mayi wokalamba amene wabereka ana ambiri silisowa, zinkatha kusanduka umboni.

Kodi malamulo ankati chiyani?

Panali malamulo atatu otsatizana. Loyamba, la mu 1542, linakhala zaka zisanu zokha, n'kuchotsedwa mu 1547. Lachiwiri, la mu 1563 mu ulamuliro wa mfumukazi Elizabeth I, linkapereka chilango cha imfa kwa wopha munthu mwa ufiti, koma wovulaza munthu kapena kuwononga katundu koyamba ankakhala m'ndende chaka chimodzi, n'kumaonetsedwa pamsika kanayi atapanidwa khosi ndi manja m'thabwa kuti anthu amunyoze. Lachitatu, la mu 1604, linaumitsa zinthu, pakuti linaika imfa ngakhale pa kuvulaza koyamba, pa kufukula mtembo pofuna zizimba, ndiponso pa kufunsira, kudyetsa kapena kupangana ndi mzimu woipa. Ndi lamulo limeneli lomwe linalowetsa kanyama kaja ndi pangano la Mdyerekezi m'mabuku a boma.

Kodi n'zoona kuti mfiti zinkawotchedwa? Nanga anaphedwa angati?

Ku England opezeka olakwa ankanyongedwa ndi chingwe monga akuba ndi ambanda, chifukwa ufiti unkazengedwa ngati mlandu wamba waukulu. Kuwotcha kunali chilango cha mkazi wopha mwamuna wake, n'chifukwa chake Mary Lakeland wa ku Ipswich anawotchedwa mu 1645, popeza ankamunena kuti analodza mwamuna wake. Ku Scotland ndi kumayiko ambiri a ku Ulaya ndi kumene moto unkagwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Akatswiri ambiri amayerekeza kuti ophedwa ku England anali pafupifupi 500, pamene ku Ulaya konse anali pakati pa 40,000 ndi 60,000. Scotland, ngakhale linali ndi anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi England, linapha anthu ochuluka kangapo konse.

N'chifukwa chiyani chiwerengerochi chinali chochepa poyerekeza ndi kwina?

Chifukwa chachikulu chinali kayendetsedwe ka makhoti. Malamulo a ku England sankalola kuzunza munthu pa milandu wamba kuti avomere kapena atchule anzake, ndipo kuzunza n'komwe kunkachititsa kuti kumayiko ena mlandu wa munthu mmodzi uthere pa kuwotcha anthu makumimakumi. Dandaulo linkayamba kwa majisitireti wa m'deralo, kenako gulu la nzika linkaona ngati pali chifukwa chozengera mlandu, ndipo pomaliza anthu 12 ankagamula pamaso pa woweruza wochokera ku London amene ankazungulira zigawo kawiri pachaka. Woweruzayo sankadziwa mikangano ya m'mudzimo ndipo analibe nayo mbali. M'zigawo zozungulira London, kumene zolembedwa zinasungika bwino, onyongedwa anali pafupifupi mmodzi pa anthu anayi kapena asanu alionse ozengedwa mlandu.

Izi sizikutanthauza kuti milanduyo inali yachilungamo. Woimbidwa mlandu analibe loya, ankatha miyezi m'ndende yonyansa momwe ambiri ankafera mlandu usanazengedwe, ndipo umboni wa ana aang'ono unkaloledwa. Ku St Osyth mu 1582 Ursula Kemp ananenedwa ndi mwana wake wa zaka 8, ndipo ku Lancaster mu 1612 Jennet Device wa zaka 9 anaimikidwa m'khoti kuti aneneze mayi ake, mchimwene wake ndi anansi awo. Panalinso mayeso amene lamulo silinkawadziwa koma anthu ankawakonda, monga kuuza woganiziridwayo kuti anene Pemphero la Ambuye osaphonya, kapena kumumanga chala chachikulu cha dzanja ku chala cha phazi la mbali ina n'kumuponya m'dziwe, poganiza kuti madzi, amene iye anawakana pokana ubatizo, nawonso amukana ndipo ayandama.

Bwanji ambiri oimbidwa milandu anali amayi?

M'chigawo cha Essex, pafupifupi anthu 9 pa 10 alionse ozengedwa mlandu wa ufiti anali amayi. Alaliki ankaphunzitsa kuti mkazi ndi wofooka ndipo amanyengeka msanga monga Hava, koma chiphunzitso chokhacho sichifotokoza zonse, pakuti odandaula ndi mboni ambiri analinso amayi. Zinthu zimene ankati zalodzedwa, monga ana, mkaka, mowa ndi uchembere, zinali m'manja mwa amayi, choncho mikangano yake inalinso ya pakati pawo. Kuwonjezera apo, chiwerengero cha anthu chinkakwera, mitengo ya zakudya inkakwera, ndipo mayi wamasiye wokalamba, wopanda munda ndi womuteteza, analibe chida china koma pakamwa pake. Mbiri ya ufiti inkatenga zaka kuti ikule, ndipo inkayenda m'magazi: mwana wa mayi woganiziridwa nayenso ankaganiziridwa.

Kodi munthu akaganiza kuti walodzedwa ankathamangira kukhoti?

Khoti linali njira yomaliza, ndipo inali yodula. Ambiri ankayamba apita kwa asing'anga a m'midzi, amuna ndi akazi omwe, amene ankachiritsa ndi zitsamba ndi mapemphero, kuombeza za katundu wobedwa, ndi kuthandiza wodwala kuzindikira amene wamulodza, nthawi zina pomuonetsa kalilole kapena madzi kuti aonemo yekha nkhope ya mdani wake. Asing'angawa anali ochuluka ndipo anthu ankawakonda, koma abusa ngati Perkins ankawada kuposa mfiti zolodza, ponena kuti wolodza amawononga thupi lokha pamene wochiritsa mwa mphamvu ya Satana amawononga mzimu wa aliyense wopita kwa iye.

Panalinso njira zodzitetezera. Ena ankakanda woganiziridwayo kumaso mpaka atuluke magazi, pokhulupirira kuti mphamvu yake ithera pomwepo. Ena ankasolola udzu wa denga la nyumba yake n'kuuwotcha kuti mwiniyo abwere yekha. Cha m'ma 1600 kunafala botolo lotsirikira: munkathiridwa mkodzo wa wodwala, tsitsi lake, zikhadabo, misomali ndi mapini opinda, n'kulitseka bwino, kenako kulikwirira pansi pa malo osonkhapo moto kapena pakhomo, kuti mfitiyo ivutike pokodza mpaka imasule wodwalayo. Mabotolo oterewa amapezekabe mpaka lero anthu akamakonza nyumba zakale.

Kodi Matthew Hopkins anali ndani?

Anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, mwana wa m'busa, amene pamodzi ndi John Stearne anatsogolera kusaka mfiti koopsa kuposa kwina kulikonse m'mbiri ya England, kuyambira mu 1645 mpaka 1647. Dziko linali pa nkhondo yapachiweniweni pakati pa mfumu Charles I ndi nyumba ya malamulo, oweruza a ku London sankazungulira bwino, ndipo anthu a kum'mawa kwa dzikolo ankakhulupirira kuti akumenya nkhondo ndi Satana mwiniwake. Zinayambira ku Manningtree ndi mayi wokalamba wa mwendo umodzi, Elizabeth Clarke.

Popeza kuzunza kunali koletsedwa, iwo anapeza njira yoti "kulondera". Woganiziridwayo ankakhazikidwa pampando kapena kuyendetsedwa uku ndi uku m'chipinda usiku ndi usana kwa masiku angapo osagona, alonda akudikira kuti tizilombo take tibwere kudzayamwa. Munthu wosagona masiku atatu amavomera chilichonse. John Lowes, m'busa wa ku Brandeston wa zaka pafupifupi 80 amene anthu a mpingo wake ankamuda kalekale, anathamangitsidwa chonchi mpaka anavomera kuti anamiza sitima ya panyanja, ndipo anali m'gulu la anthu 18 amene ananyongedwa tsiku limodzi ku Bury St Edmunds mu Ogasiti 1645. Onse ophedwa pa nthawi ya kusakaku anali pafupifupi 100. Matauni ankalipira osaka mfitiwo, amayi ofufuza matupi, oyang'anira ndende ndi wonyonga, ndipo ndalamazo zitayamba kupweteka okhoma msonkho, changu chinazirala. M'busa John Gaule anatsutsa njira zawo poyera mu 1646, ndipo Hopkins anamwalira kwawo mu Ogasiti 1647.

Kodi panalibe okayikira?

Analipo kuyambira pachiyambi. Mu 1584 Reginald Scot wa ku Kent anatulutsa buku lakuti The Discoverie of Witchcraft, momwe ananena kuti oimbidwa milanduwa ndi amayi okalamba, osauka ndi osokonezeka maganizo, ndiponso kuti kupatsa mfiti mphamvu pa moyo ndi nyengo n'kulanda ulemerero wa Mulungu. Mfundo yake inali ya chipembedzo, osati ya sayansi, ndipo mfumu James inamudzudzula pomutchula dzina.

Chodabwitsa n'chakuti James yemweyo, atafika ku England, anadzakhala wokonda kugwira achinyengo. Nthawiyo kunali ana ndi achinyamata amene ankagwa, kuuma thupi, kusanza mapini ndi kukuwa dzina la amene akuti wawatumizira chiwanda. Mmodzi wa iwo, Anne Gunter, anavomera kuti bambo ake ndiwo ankamukakamiza kuchita zimenezi pofuna kubwezera banja lina, ndipo mu 1616 ku Leicester mfumuyo inafunsa yokha mnyamata amene umboni wake unali utanyongetsa kale amayi 9, nipeza kuti ankanama. Akuluakulu a mpingo nawonso anatopa ndi otulutsa ziwanda ngati John Darrell, moti mu 1604 analetsa m'busa aliyense kuchita zimenezi popanda chilolezo cha bishopu. Mu 1634 amayi ena a ku Lancashire anapulumuka pamene madokotala ndi azamba otsogozedwa ndi dokotala wa mfumu William Harvey sanapeze chachilendo pathupi pawo, ndipo mnyamata wowaneneza anavomera kuti nkhaniyo anaipeka.

Kodi milanduyi inatha chifukwa anthu anasiya kukhulupirira?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Milandu inatha chifukwa oweruza anasiya kukhulupirira umboni, ngakhale ambiri mwa iwo sanakane kuti ufiti ungakhalepo. Funso lawo linali lakuti khoti lingadziwe bwanji kuti imfa iyi yabwera ndi mayi uyu, osati ndi matenda. Amayi atatu a ku Bideford, Temperance Lloyd, Mary Trembles ndi Susannah Edwards, amene ananyongedwa ku Exeter mu 1682, ali m'gulu la omaliza kuphedwa. Pambuyo pake woweruza wamkulu John Holt anazenga milandu ingapo yotere ndipo yonse inathera pa kumasula woimbidwa mlandu. Jane Wenham wa ku Walkern anapezeka wolakwa mu 1712, koma woweruza John Powell anamupezera chikhululukiro. Lamulo la mu 1736 linatembenuza nkhani yonse: wolakwa tsopano anali amene akunamizira kuti ali ndi mphamvu zamatsenga, ndipo chilango chake chinali chaka chimodzi m'ndende.

Kumidzi mantha anatsala pomwepo, ndipo anthu ataona kuti khoti lawatsekera chitseko anayamba kudziweruzira okha. Mu 1751 pafupi ndi Tring, khamu la anthu linagwira Ruth Osborne, mayi wokalamba, n'kumuviika m'dziwe mpaka anafa, ndipo boma linanyonga Thomas Colley amene anatsogolera. Ngakhale John Wesley, woyambitsa mpingo wa Methodist, analemba mu 1768 kuti kusiya kukhulupirira za ufiti kuli ngati kusiya Baibulo.

Kodi mbiri imeneyi ikukhudzana bwanji ndi malamulo a ku Malawi?

Lamulo la zaufiti la mu 1911, limene boma la atsamunda linakhazikitsa mu Nyasaland ndipo dziko la Malawi linalitenga pa ufulu, linamangidwa pa maganizo ofanana ndi a lamulo la mu 1736. Sililanga munthu chifukwa cholodza, koma limaletsa kutchula wina kuti ndi mfiti, kumwetsa mwabvi, kuitana wosaka mfiti, ndiponso kudzinenera kuti uli ndi mphamvu za ufiti. Kusiyana kwake n'kwakuti ku England lamulo lotere linabwera patadutsa zaka pafupifupi 200 za milandu, mikangano ya abusa ndi kukayika kwa oweruza a dziko lomwelo, pamene kuno linabwera tsiku limodzi kuchokera kwa olamulira achilendo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mkangano woti liunikidwenso umabukirabe kawirikawiri. Ku Britain lamulo la mu 1736 linagwira ntchito mpaka mu 1951, ndipo mmodzi mwa omaliza kumangidwa nalo anali Helen Duncan, mayi amene ankati amalankhula ndi mizimu ya akufa, yemwe anaikidwa m'ndende mu 1944.